Phula la pa Galimoto ndi Mwambo Woyamba Wachotsa Lakale

Galimoto isanabadwe, pamene olemekezeka a ku Ulaya ndi ku Amereka ankayenda m'ngolo zokokedwa ndi akavalo, kunali amisiri amene ntchito yawo yonse inali kuveka ngolozo ulemerero. Ndipo popeza utoto wa masiku amenewo unali wa mafuta ochedwa kuuma, mmisiri ankapaka ndi burashi, nadikira kuti uume, naukhula kufikira utasalala, napukuta fumbi lonse, napakanso, kotero kuti ngolo imodzi inkatha milungu ingapo ili m'nyumba yotsekedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amisiri aja anaona m'kudekha kwawo choona chimene zidzukulu zawo zikugwirabe kufikira lero: kuti chopakidwa pamwamba pa litsiro sichikhalitsa, ngakhale chigulidwe ndi siliva wochuluka motani.

Magalimoto oyamba analowa ufumu wa ngolo pamodzi ndi utoto wake wochedwawo, ndipo pamene Henry Ford anayamba kupanga Model T mwaunyinji, kuyambira 1914 kufikira 1925 anaiveka utoto wakuda wokha, wolimba ndi wotsika mtengo. Koma kampani ya DuPont inatulukira utoto wotchedwa Duco, wopopera ndi mphepo, wouma m'maola m'malo mwa milungu, umene General Motors anauonetsa pa galimoto yawo ya Oakland ya 1924 m'maonekedwe a buluu. Dziko linakondwa ndi mitundumitundu. Komatu utotowo, ukakhala padzuwa ndi pamvula, unkafa pamwamba nuchita mbuu, kotero kuti mwini galimoto anasowa chofunda choti chizunzike m'malo mwa utoto wake.

Chofundacho chinachokera kutali, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'zigawo zouma za Piauí ndi Ceará, kumene kumamera mtengo wa mtundu wa mgwalangwa wotchedwa carnauba. Namalenga, amene sasiya cholengedwa chake chopanda chodzitetezera, anapatsa mtengowu phula lokuta masamba ake kuti madzi asathawe m'nyengo ya chilala. Ndipo anthu a kumeneko, chilimwe chikafika, amadula masambawo ndi chikwakwa chomangirira kunsonga ya mtengo wautali, nawayanika padzuwa, nawapuntha kufikira phulalo litayoyoka ngati ufa, umene amausungunula nausefa. Phula limeneli ndi louma kuposa la njuchi, ndipo silisungunuka kufikira kutentha kutapitirira madigiri 80; chifukwa chake opanga polishi amalifewetsa ndi mafuta kuti lipakike. Phulali linali lofunika chotere, kuti m'chaka cha 1935 Herbert Johnson, mkulu wa kampani yopanga polishi ku Racine m'chigawo cha Wisconsin, anakwera ndege yaing'ono yotha kutera pamadzi, nauluka kufikira ku Fortaleza kuti akadzionere ndi maso ake kumene migwalangwayo imamera. Potero kunyezimira kwa galimoto za m'misewu ya New York kunali thukuta la mlimi wosauka amene mwina sanakwerepo galimoto moyo wake wonse, ndipo n'koyenera kuti mbiri imukumbuke.

Tsono chofunika kuchisunga mumtima ndi ichi, kuti phula silinkayenera kupakidwa lokha. George Simons wa ku Chicago, amene mu 1910 anakonza phula lodzatchuka ndi dzina lakuti Simoniz, anakonzanso mankhwala otsukira utoto. Chitini chimodzi chinali cha kuchotsa, china cha kupaka, ndipo cha kuchotsacho ndicho chinkatsogola. Munthu ankatikita galimoto yake kufikira nsanza itasanduka mtundu wa utotowo, pakuti pamodzi ndi phula lakale ankachotsa utoto wakufa; ndipo pokhapokha wamoyo utaonekera m'pamene ankatsegula chitini chachiwiri. Aulesi ankasanjika phula pa phula, nakwirira fumbi, utsi ndi zitosi za mbalame pansi pa kunyezimira kwa masiku owerengeka. Za otere makolo athu ananeneratu kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pambuyo pake Ben Hirsch, wa ku Chicago komweko, anafalitsa polishi wamadzimadzi wa Turtle Wax m'zaka za m'ma 1940, ntchito nipepuka, koma lamulo lija silinafafanizidwe.

M'zaka za m'ma 1980 opanga magalimoto anazolowera kukuta utoto ndi wina woonekera ngati galasi, wotchedwa clear coat, wosapitirira tsitsi la munthu kuchindikala kwake. Ndipo akatswiri a mankhwala anafalitsa sealant, chotetezera chopangidwa m'fakitale, chopirira dzuwa ndi sopo miyezi yambiri kuposa phula la m'masamba. Wina akadayesa kuti apa mwambo wakale watha ntchito, koma m'malo mwake unakula mphamvu. Pakuti phula limangogona pamwamba, nililola linzake kugona pa ilo, pamene sealant ayenera kugwirana ndi utoto weniweniwo, ndipo akapeza mafuta a phula lakale atatchinga pakati, amagwira phulalo, nachoka nalo limodzi tsiku limene lidzachoka. Monga mayi wozira nyumba ayamba wasesa ndi kupala dothi lofumbutuka asanathire latsopano, momwemonso mmisiri wa lero amatsuka galimoto ndi sopo wodula mafuta, natsetserezapo dongo lofewa limene linatulukiridwa ku Japan, lozula timichenga tokanirira, napukuta ndi spiriti wosakaniza ndi madzi kufikira chala chikuchita kulira pa utoto, madzi naleka kuundana timadontho. Koma amachita zonsezi ndi dzanja lachifundo, podziwa kuti clear coat akatha kukhulidwa sameranso.

Kwathu kuno, kumene magalimoto ambiri amafika atagwira kale ntchito ku Japan, nadzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban, galimoto iliyonse imabwera itavala zopaka za eni ake akale, ndi mchere wa panyanja, ndi fumbi la ulendo wautali. Ndipo dzuwa la mwezi wa Okutobala silichitira chifundo utoto wosatetezedwa. Mnyamata wotsuka magalimoto m'mbali mwa msewu, mwini galimoto akamufulumiza kuti angopaka polishi iwale msanga, ali ndi ufulu wonena mwaulemu kuti: "Bwana, tiyambe tachotsa zakalezi." Ponena mawu amenewo iye waima mumzera wa amisiri a ngolo, wa Simons ndi wa onse amene anadziwa kuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi losaoneka. Eni magalimoto ayenera kumupatsa nthawi yokwanira ndi kumulipira ntchito ya kuchotsayo monga alipira ya kupaka, pakuti yoyambayo ndiyo imasunga yachiwiri.