Pangano la ku Chimaliro

Kwa zaka zambiri, munthu wopezeka ndi nkhwangwa m'nkhalango ya Chimaliro, m'boma la Kasungu, ankayesedwa mbala. Zinthu zidasintha m'chaka cha 1996, pamene Dipatimenti ya Zankhalango idapangana ndi midzi yozungulira kuti asamalire nkhalangoyo limodzi. Anthu adavomera kulambula njira zotchinga moto ndi kulondera. Boma lidaŵalola kutola nkhuni zouma, kuzula boŵa, kumweta udzu wofolera ndi kufula uchi.

Pangano lomwelo lidayesedwanso m'nkhalango ya Liwonde, ku Machinga. Koma kumeneko mseu waukulu udali pafupi, ogula nkhuni sankasoŵa, ndipo mitengo yaiŵisi idapitirira kugwa. Ku Chimaliro, kutali ndi misika yotere, kumenenso mawu a mafumu ankamvekabe, mitengo ya mombo ndi misuku idapumako.