Digiri ya ku Bunda ndi Khomo la Ntchito

Abale olemekezeka a kunyanja, inu amene mumagulitsa usipa kuti mwana akafike ku yunivesite, tamvani mbiri ya sukulu ina ya kumtunda. Kufupi ndi Mitundu kuli koleji ya zaulimi ya Bunda, imene m'zaka za m'ma 1960 inakhala nthambi ya Yunivesite ya Malawi. Masiku amenewo omaliza maphunziro anali owerengeka, ndipo ntchito ndiyo inkawasaka. Unduna wa zaulimi, ADMARC ndi maesiteti a fodya ankachita kuwalimbirana.

Zinthu zinatembenuka kuyambira 1981, boma litagwirizana ndi World Bank kuti lichepetse ndalama zimene limagwiritsa ntchito. Khomo la boma linayamba kuchepa. Ambiri analowera ku mabungwe omwe si aboma, amene anachuluka pambuyo pa 1994, ngakhale ntchito zake n'za kontalakiti, zotha ndi thumba la wopereka thandizo.

Mu 2012 Bunda inasanduka LUANAR, ophunzira n'kuchuluka. Mu 2018 boma linayamba kutenga omaliza maphunziro kwa kanthawi chabe, kuti aphunzire ntchito m'maofesi. Ena, digiri ili m'sutikesi, aimika sikelo pamsika wa Mitundu, akugula soya ndi mtedza.