Makina ogoba zilembo oyendetsedwa ndi kompyuta: kuwakhazika ndi kuwasamala

Kuchokera pamsika wa Ulónguè mpaka kumalire a Calómuè ndi Biri-Biri, zikwangwani zambiri za magolosale, zigayo ndi matchalitchi zimalembedwabe ndi penti ndi burashi. Mvula ya zaka ziwiri ikadutsa, penti ija imasuluka, dzina la mwini n'kutsala theka. Chilembo chogoba m'thabwa sichifufutika choncho, n'chifukwa chake akalipentala ndi achinyamata ena akumaganiza zotenga ndalama ya mbatatesi, soya kapena fodya n'kugulira makina ogoba zilembo. Ndalama imeneyi ndi thukuta la chaka chonse, ndiye ndi bwino kudziwa zomwe makinawa amafuna musanawagule.

Kodi makinawa n'chiyani?

Ogulitsa amawatcha CNC, ndipo pa Chipwitikizi mudzamva akuti fresadora CNC. Ali ndi kachitsulo kakuthwa kotchedwa fresa, komwe kamazungulira mothamanga n'kumadya thabwa. Fresayo imayenda njira zitatu: kumanzere ndi kumanja, njira yotchedwa X; kutsogolo ndi kumbuyo, Y; kukwera ndi kutsika, Z. Njira iliyonse ili ndi mota yakeyake yomwe imayenda timasitepe tating'onoting'ono, kawirikawiri 200 kuti izungulire kamodzi. Kompyuta imangouza motazo kuti ziyende masitepe angati, ndipo malangizo amenewa amatchedwa G-code. Makinawo saona chilichonse. Amangowerenga masitepe. Mavuto ambiri amene tifotokoze pansipa amachokera pamenepa.

Nambala yomwe ili pa dzina la makina imakuuzani kukula kwa malo ogwirira ntchito. A 3018 amagoba thabwa la masentimita 30 m'litali ndi 18 m'lifupi. A 6090 ndi 60 kwa 90. A 1325 ndi masentimita 130 kwa 250. Aang'ono a 3018 ndi abwino pophunzirira komanso polemba manambala a nyumba, mayina a pakhomo, timatabwa ta makiyi ndi ta pamtanda wa kumanda. Koma wina asakunamizeni kuti mudzasema nawo zitseko za mlombwa kapena kulemba pamwala wa granito. Mwala umafuna makina olemera, mafresa a dayamondi ndi madzi othira nthawi zonse. Amene akufuna kudya ndi zikwangwani zikuluzikulu ayambire pa 6090. Ngati mukuitanitsa kunja, funsani kaye ku alfândega za msonkho wake, chifukwa mtengo womwe mukuona pafoni si womwe mudzalipire makinawo akafika.

Malo ndi magetsi

Tebulo likhale lolemera, losagwedezeka, pa simenti yosalala. Likamavina, zilembo zimatuluka zonjenjemera. Chipindacho chisadonthe, chikhale ndi zenera, ndipo chisakhale chomwe mumasungamo chimanga. Kumene kuli chimanga kuli makoswe, ndipo khoswe amatha kudula timawaya ta mota usiku umodzi.

Nkhani ya magetsi ndiye yofunika kuikhalira pansi. Magetsi a EDM ndi 220 V, koma mabokosi ena olandirira magetsi ali ndi kaswitchi kofiira m'mbali kolembedwa 110 ndi 220. Kayang'aneni musanalumikize. Kakakhala pa 110, bokosilo limapsa nthawi yomweyo. Ife a m'malire tili ndi vuto linanso: zipangizo zogula ku Dedza kapena ku Lilongwe zimabwera ndi pulagi ya mano atatu aphwanthi, pamene matomada a kuno ambiri ndi a mabowo ozungulira. Chizolowezi chathu chodula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'tomada, n'kutsinira ndi kamtengo ka machesi, chisafike pa makinawa. Waya akangogwedezeka pang'ono, makina amazima pakati pa ntchito. Gulani pulagi yoyenera, ndipo itanani wodziwa zamagetsi akuikireni waya wapansi, uja amati fio terra, wolumikizidwa ku chitsulo chokhomera m'nthaka.

Ikani estabilizador pakati pa tomada ndi makina, makamaka ngati muli pafupi ndi chigayo kapena wowotcherera zitsulo, pakuti iwo akayatsa zawo magetsi amatsika. Musanayambe ntchito ya maola awiri, onani Credelec ngati ili ndi magetsi okwanira. M'dzinja, mitambo ikachita bii ndipo kukuyamba kugunda, zimitsani n'kuzula pulagi kukhoma. Kungozimitsa swichi sikuteteza ku mphenzi.

Amene alibe magetsi a EDM asataye mtima. Makina a 3018 amadya pafupifupi 120 W, ndiye sola yokhala ndi batire labwino ndi inversor yotulutsa magetsi oyera, yolembedwa onda pura, ingawayendetse. Akuluakulu aja, omwe mota yake yokha ndi 1.5 kW kapena 2.2 kW, sola ya panyumba singawakwanitse.

Kumanga ndi kuyesa

Makina aang'ono amabwera m'katoni ali zidutswazidutswa. Pomanga, musamangitse maparafuso mpaka mapeto poyamba. Amangeni pang'ono onse, ikani sikweya pa ngodya iliyonse, kenaka yesani ndi tepi kuchokera pa ngodya ina kufika ya chopingasa, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana, mangitsani. Mukadumpha apa, chikwangwani chilichonse chidzatuluka chopendekeka, ndipo palibe pulogalamu yomwe mudzaiimbe mlandu. Magetsi asanalowe, zungulitsani ndi dzanja ndodo zamazinga zija kuyambira uku mpaka uko. Pamene pakulimba, pali chomwe chapotoka.

Pamwamba pa bedi la makina khomanipo thabwa losafunika, la MDF kapena paini, kuti fresa ikapyola idye limenelo osati chitsulo.

Makina ambiri aang'ono ali ndi pulogalamu ya mkati yotchedwa GRBL, ndipo amalumikizidwa ku kompyuta ndi waya wa USB. Kompyuta ikalephera kuwaona, nthawi zambiri chasowa ndi kapulogalamu kotchedwa CH340. Liwiro lolumikizirana muike pa 115200. Potumiza malangizo pali mapulogalamu aulere monga Candle ndi Universal Gcode Sender, ndipo zilembo mungazijambule mu Inkscape, yomwenso ndi yaulere. Sankhani mapulogalamu ogwira popanda intaneti, poti netiweki ya kuno tonse tikuidziwa. Kompyuta yakale imakwanira, bola muiletse kugona yokha. Ikagona, makina amaima fresa ili m'thabwa.

Tsopano yesani ngati makina akuyenda mtunda woona. Ikani chizindikiro, auzeni ayende mamilimita 100 pa X, ndipo yesani ndi rula yachitsulo. Pa 3018 ambiri, nambala ya masitepe pa milimita imodzi ndi 800, ndipo imasungidwa pa $100 ya X, $101 ya Y ndi $102 ya Z. Tinene kuti ayenda 98 m'malo mwa 100. Chulukitsani 800 ndi 100, gawani ndi 98, mupeza 816.3. Lembani $100=816.3 ndi kuyesanso. Koma musanasinthe nambala, onani kaye ngati kachitsulo kolumikiza mota ndi ndodo yamazinga sikakuterereka, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amakhala parafuso kakang'ono ka pamenepo. Manambala onse a makina anu, omwe amaoneka mukalemba $$, akopereni m'kope tsiku loyamba. Onetsetsaninso kuti ntchito yanu ili mu mamilimita, G21, osati mu mainchi, G20. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye mukasokoneza, makina amathamanga kukadziwomba kumapeto.

Ntchito yoyamba

Thabwa limangidwe mwamphamvu ndi zopanira kapena maparafuso, kutali ndi njira ya fresa. Osaligwira ndi dzanja. Mukatero uzani makina poyambira pake. Pa X ndi Y, sankhani ngodya ya kumanzere yoyandikira inu. Pa Z, ikani kapepala pathabwa, tsitsani fresa pang'onopang'ono mukugwedeza pepalalo, ndipo likangoyamba kugwidwa, pamenepo ndiye ziro. Mukasintha fresa, ziro ya Z muipezenso.

Ine ndimalangiza kuti pa ziro ya X ndi Y muzibowola kabowo kakang'ono kapena kuchonga ndi pensulo. Magetsi akathima pakati pa ntchito, makina opanda maswitchi a kumapeto amaiwala pomwe anali. Kabowo kaja ndiye kadzakuthandizeni kubwerera pamalo enieni n'kuyambiranso, m'malo motaya thabwa la kasitomala.

Ulendo woyamba yendetsani ntchito yonse m'malere, fresa itakwezedwa sentimita imodzi pamwamba pa thabwa, kuti muone ngati sikugunda chopanira. Kenaka yesani pa chidutswa chotsala.

Zilembo zimatuluka bwino ndi fresa yosongoka ngati V, ya madigiri 60 kapena 90; kukumba malo aakulu kumafuna ya mutu waphwanthi. Pa 3018, mota yake imazungulira pafupifupi ka 10,000 pa mphindi ndipo ilibe mphamvu zambiri, choncho pa paini yambani ndi kuya kwa theka la milimita mpaka milimita imodzi ulendo uliwonse, liwiro mamilimita 200 mpaka 300 pa mphindi. Pa mlombwa, womwe anzathu amati umbila, kapena pa chanfuta, chepetsani kuyako ndi theka ndipo mudutse kangapo. Thabwa likhale louma. Bulugamu wauwisi amatulutsa ulusi m'mphepete mwa zilembo, ndipo akamauma amang'aluka pamodzi ndi ntchito yanu.

Khutu ndi diso zimathandiza kuposa buku. Makina akamalira mokuwa ndi kunjenjemera, mwazamitsa kapena mwathamangitsa. M'mphepete mwa zilembo mukada ngati mopsa, fresa yabuntha kapena ikuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Bwalo likatuluka ngati dzira, china chamasuka. Mzere woyamba ukakhala bwino koma wachiwiri n'kusendera mbali, mota inadumpha masitepe chifukwa cholemedwa kapena utuchi wothina pandodo, ndipo popeza makina saona, anangopitiriza. Kompyuta ikamaduka nthawi yomwe mota yaikulu ikuyaka, sinthani waya wa USB ndi wamfupi wokhuthala, ndipo muusiyanitse ndi mawaya a magetsi.

Pali chinthu china chomwe sichikhudza zitsulo koma chimadya ndalama kuposa fresa yothyoka. Mayina a kuno ali ndi timizere: João, Conceição, António. Si mtundu uliwonse wa zilembo za pakompyuta uli ndi ã, ç kapena ŵ, ndipo ena amangosiya kabokosi pamalo pake. Kasitomala alembe yekha mawu ake papepala, mumuonetse pakompyuta, avomereze, ndiye muyatse makina. Pa mtanda wa kumanda, funsani kawiri tsiku lobadwa ndi lomwalira, makamaka kwa wamkulu wa banja. Penti imapakidwanso, koma chogoba sichibwezeka. Chidindo chimagobedwa chotembenuza ngati m'galasi, ndipo wofuna chidindo cha ofesi ya boma, cha sukulu kapena cha mfumu popanda kalata yochokera kumeneko mubwezeni, chifukwa umenewo ndi mlandu.

Thupi lanu

Valani magalasi nthawi zonse, popeza fresa ikathyoka imauluka. Fumbi la MDF lili ndi guluu ndipo limawononga chifuwa, ndiye mphuno itsekedwe ndi masiki. Malaya amanja aatali apindidwe, mpango wolendewera uchoke, ana akhale panja. Musasiye makina akugwira okha n'kupita kumunda, ndipo dziwani pomwe pali batani lozimitsira mwadzidzidzi.

Ena amaika mutu wa laser m'malo mwa fresa. Umalemba bwino pa thabwa ndi pa chikopa, koma kuwala kwake kumapha diso pa kamphindi, ndipo magalasi a dzuwa sathandiza. Pafunika omwe apangidwira laser yomweyo. Umayatsanso moto. PVC, monga mapaipi ndi malona ena, osaiwotcha ndi laser: utsi wake ndi poizoni ndipo umadya zitsulo za makina.

Kusamala

Mukaweruka, chotsani utuchi ndi burashi ya penti pa ndodo zonse. Osapemerera ndi pakamwa kapena ndi pampu kulunjika ku bokosi la magetsi, mukungolowetsa fumbi mkati. Masulani fresa, pukutani kachitsulo koigwira kaja, ndipo vindikirani makina ndi nsalu.

Kamodzi pa sabata pukutani ndodo ndi kansalu, dontheza oyilo wopepuka, wa makina osokera ndi wabwino, n'kupukutanso wotsala. Girizi wokhuthala wa ngolo kapena oyilo wakuda wochotsa m'njinga yamoto amakoka utuchi n'kupanga phala lomwe limadya zitsulo. M'miyezi ya fumbi, September ndi October, pukutani pafupipafupi. M'dzinja mdani ndi dzimbiri, ndiye ndodo zisakhale zouma ngakhale makina asakugwira. Pamwezi, dutsani pa maparafuso onse, gwedezani mutu wa makina ndi dzanja kuti mumve ngati ukusewera, ndipo mutazula pulagi tsegulani bokosi la magetsi muone ngati mavu sanamangemo dothi kapena nyerere sizinasamukiremo. Makina a malamba, lamba akhale wokungika koma osachita kulira ngati waya wa gitala. Akuluakulu oziziritsidwa ndi madzi, musayatse mota musanaone madzi akubwerera m'chidebe, ndipo madziwo asinthidwe akayamba kuda kapena kumera ndere. Waya wa mota musauzule magetsi ali oyaka, chifukwa zimaotcha kachipangizo koyendetsa motayo.

Zosinthira sizipezeka pagolosale ya pamudzi, ndipo kuitanitsa kumatenga masabata. Pogula makina, gulirani limodzi mafresa angapo a mamilimita 3.175, omwe ndi amene amalowa pa 3018, tizitsulo tiwiri tolumikiza mota ndi ndodo, waya wa USB wapadera, ndi mota imodzi yozungulitsa fresa. Mota ya mtundu wa 775 ili ndi makala mkati omwe amatha, ndipo ikayamba kuthetheka kwambiri ndi kufooka, imasinthidwa yonse.