Kumene Zinkachokera Ndalama za Ana Athu a Mpingo

Amayi anzanga a Mvano, pokonzekera chikondwerero chathuchi atsogoleri anandipempha ine mlembi wanu kuti ndilembeko mbiri ya ntchito yathu yothandiza achinyamata. Ndaŵerenga mabuku akale a mlembi, ndafunsanso amayi achikulire, ndipo nazi zimene ndapeza.

Mpingo wathu unachokera ku Mishoni ya Blantyre imene anthu a ku Scotland anayamba mu 1876, ndipo mu 1924 unagwirizana ndi wa Livingstonia nkukhala CCAP. Amishoni anamanga masukulu ndi zipatala, inde. Koma ndalama ya ulendo wa kwaya kapena chakudya cha ana a Sande Sukulu sizinkachokera kutsidya kwa nyanja ayi. Zinkachokera m'manja mwa makolo, makamaka amayi.

Mayi anga ondibereka ankasimba za nthaŵi ya mapeni ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971. Amayi ankapangana tsiku, nalaŵira m'mamaŵa ndi makasu kukapalira munda wa munthu, malipiro onse nkupereka kwa msungichuma. Wopanda mphamvu zolima ankabweretsa mtolo wa nkhuni, mbale ya nandolo kapena nanazi. Palibe amene ankatsala chifukwa cha umphaŵi.

Ineyo ndinaona ndi maso anga malonda a tsiku lamalipiro ku maesiteti a tiyi. Usiku wonse amayi ankachezera kukazinga mandasi ndi zitumbuwa, ena akuphika thobwa m'migolo. Ife atsikana ntchito yathu inali kutunga madzi ndi kusenza zidebe. Abambo ankamanga chisakasa ndi kuŵerenga matambala, ngakhale ena a iwo, ndinene zoona, ankathera pa kulaŵa. Chaka china thobwa lonse linasasa chifukwa cha kutentha, mkulu wa mpingo nkutiletsa kugulitsa, ati lasanduka moŵa. Amayi analira, koma Loŵeruka lotsatira anaphikanso ndi chimera cha m'nyumba zawo.

Ndalama zotere ndizo zinkatumiza ana athu ku Likhubula House, malo a achinyamata a Sinodi ya Blantyre m'munsi mwa phiri la Mulanje. Mwana akapita kumeneko ankabwerako wodziŵa kutsogolera pemphero ndi kuima pamaso pa anthu. Anzathu a ku Dunblane ku Scotland nawonso akhala akusonkha ndalama zolipirira ana a dera la Likhubula fizi ya sekondale, ndipo tiwathokoza.

Kenaka kunabwera Pepa Sande, tsiku loponya ndalama zamapepala m'lichero uku tikuvina. Sindinyoza ayi, pakuti tsiku limodzi limatulutsa ndalama zimene mandasi sakanatulutsa pa miyezi itatu. Koma ndaona amayi amasiye akujomba kutchalitchi tsiku limenelo poopa manyazi, pamene kale akanabwera ndi mtolo wawo wa nkhuni mutu uli m'mwamba. Ana nawonso amangoonerera, osadziŵa thukuta la ndalamayo.

Chaka cha 2023 sitidzachiiŵala. M'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, kukokolola minda ndi kupha anthu ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zimene tinasungira achinyamata tinagula nazo ufa ndi zofunda, ndipo achinyamata eniakewo ndiwo anavomera, nathandiza kusenza katunduyo. Titayambanso kusonkha, mu Novembala kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nsalu ya yunifomu ya kwaya imene tinafunsa mtengo mu Okutobala, pofika Disembala ndalama zathu sizinakwanirenso. Cholakwa chinali chathu, pakuti tinasunga ndalama m'chitini kudikira kuti zikwane zonse, m'malo mogula nsaluyo pang'onopang'ono. Ine amene ndinali mmodzi wa oumirira kudikira.

Kuyambira pamenepo tinabwerera ku njira ya amayi athu, osasiya Pepa Sande. Tili ndi munda wa nandolo umene makolo amalima pamodzi ndi ana awo, ndipo ndalama ikangopezeka timagula chofunikacho sabata lomwelo. Yunifomu ija inasokedwa. Chatsala ndi ulendo wa ana athu ku Likhubula pa tchuthi chikubwerachi. Amene ali ndi nkhuni, ufa kapena manja okha, aonane ndi msungichuma wathu tikatuluka m'mapemphero.