Galimoto Yokwawa ndi Lamulo la ku California

Tonse tinazoloŵera kuti galimoto yabwino ndi imene mimba yake ili patali ndi nthaka, kuti idutse pa mchenga ndi pa mizere ya matope osakhudza pansi. Madzulo ano ndikufuna tipite ku California, chigawo cha kumadzulo kwa dziko la America, kumene kuli anthu amene kwa zaka zoposa 70 akhala akuwononga ndalama ndi thukuta kuti galimoto zawo zitsike pansi mpaka kutsala pang'ono kupala phula. Galimoto zoterezi amazitcha lowrider, ndiko kunena yoyenda chokwawa, ndipo mbiri yake ndi ya mkangano wautali pakati pa eni ake ndi a malamulo.

California anali mbali ya dziko la Mexico kufikira chaka cha 1848, ndipo anthu a mtundu wa Chimeksiko sanachokemo. M'mzinda wa Los Angeles ambiri a iwo ankakhala kum'maŵa, m'madera a anthu osauka, nagwira ntchito za manja. Nkhondo Yachiŵiri itatha mu 1945, anyamata awo anabwera ku usilikali ndi ku mafakitale a ndege ali ndi luso la umakanika ndi kandalama pang'ono. Galimoto zakale za Chevrolet zinali zotsika mtengo, ndiye anazigula. Anyamata achizungu a nthaŵi imeneyo ankasintha injini kuti galimoto ithamange. Aŵa anasankha njira yosiyana: kutsitsa galimoto, kuipaka utoto wonyezimira, ndi kuiyendetsa pang'onopang'ono kuti aliyense wa m'mbali mwa msewu aione bwino. Poyamba ankangoika matumba a mchenga kapena a simenti m'buti. Pambuyo pake anayamba kudula masipuling'i, ena nkumawatenthetsa ndi moto kuti afupike.

Apa ndi pamene boma linaloŵerera. Mu 1958 California anakhazikitsa ndime 24008 ya malamulo a galimoto. Ndimeyo inaletsa kuyendetsa pa msewu galimoto yosinthidwa mwakuti mbali ina ya thupi lake yatsika kupyola m'munsi mwa limu, chitsulo chija chimene tayala limavala. Tisafulumire kunena kuti lamulolo linali lopanda nzeru. Taganizani: tayala likaphulika, galimoto imakhalira limu, ndipo woyendetsa amatha kuiwongolera mpaka kuima. Koma ngati mimba yake ili pansi kuposa limu, chimene chimayamba kugunda phula ndi thupi la galimoto, pamene pali thanki ya mafuta ndi paipi ya utsi. Ngozi yake ndi yoonekeratu. Chimene eni magalimoto anadandaula nacho ndi kagwiritsidwe ka lamulolo. Iwo ankati linapatsa wapolisi chifukwa choimitsira mnyamata ali yense wa Chimeksiko, kumufunsa mafunso, kumusecha, ndi kumulembera chindapusa, ngakhale asanalakwire munthu.

Yankho lawo silinachokere ku bwalo la milandu. Linachokera m'galaja. Mnyamata wina wa ku San Bernardino, dzina lake Ron Aguirre, anatenga mapampu otsala a ndege zankhondo, amene ankagulitsidwa motchipa, nawamanga pa galimoto yake ya Corvette imene anaitcha X-Sonic. Mu 1959 anaionetsa kwa anthu. Kagwiridwe kake ndi kofanana ndi ka lole ya tipa imene mumaiona ikukhuthula mchenga: pampu imakankha mafuta m'mipope, mafutawo nakweza chitsulo. Amakanika amati haidiroliki. Woyendetsa akaona wapolisi patsogolo, ankangodina kabatani, galimoto nkukwera kufika pa msinkhu wololedwa, akamudutsa, ankaitsitsanso. Olemba mbiri ena amati mnyamata wina, Jim Logue, anachita zofananazo pa nthaŵi yomweyo, koma dzina limene linamveka ndi la Aguirre.

Chodabwitsa ndi chakuti chipangizo chimene chinabadwa pozemba lamulo ndicho chinadzakhala mtima wa mwambo wonse. Anthu anawonjeza mabatire ambiri m'buti kuti mapampu akhale ndi mphamvu, ndipo galimoto zinayamba kudumpha, kupendekera mbali imodzi, ngakhale kuyenda ndi matayala atatu. Pakadapanda ndime 24008, mwina luso limeneli silikadapita patali chotere. Galimoto imene inakondedwa koposa ndi Chevrolet Impala, makamaka ya 1964. Yotchuka mwa zonse ndi Gypsy Rose ya Jesse Valadez, wa kalabu ya Imperials, imene thupi lake lonse linajambulidwa maluŵa. Makalabu otereŵa anali ndi malamulo awoawo a khalidwe ndi ukhondo wa galimoto, ndipo chikwangwani cha kalabu chinkaikidwa pa zenera la kumbuyo monga mbendera. Mu 1977 Sonny Madrid ndi anzake anayambitsa magazini ya Lowrider mu mzinda wa San Jose, ndipo kudzera mwa iyo mwambowu unafalikira ku New Mexico, ku Texas, mpaka kutsidya la nyanja ku Japan.

Tsono a boma ataona kuti kuyeza msinkhu wa galimoto sikuthandizanso, anatembenukira ku kayendedwe. Mwambo wa anthuŵa unali wakuti Loŵeruka kapena Lamulungu madzulo azidzaza msewu umodzi, kupita ndi kubwera pang'onopang'ono, nyimbo zikulira, abale ndi zibwenzi akuonerera. Ku Los Angeles msewu wake unali Whittier Boulevard. Mu 1979, chaka chimene kunatuluka kanema wa Boulevard Nights amene anasonyeza magalimotoŵa pamodzi ndi magulu a zigaŵenga, apolisi anatseka msewuwo kwa oyenda motere. M'zaka za m'ma 1980 boma la California linapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa kayendedwe kameneka. Lamulo lake linali lachilendo ndithu: apolisi ankasankha malo amodzi pa msewu, ndipo munthu wodutsapo mobwerezabwereza m'nthaŵi yochepa, atachenjezedwa kale, ankapalamula mlandu. San Jose analetsa mu 1986, Sacramento mu 1988, ndipo National City, pafupi ndi San Diego, analetsa mu 1992.

Kunena chilungamo, makhonsolo anali ndi madandaulo enieni. Eni masitolo ankati makasitomala akulephera kufika. Ambulansi ndi galimoto zozimitsa moto zinkasoŵa podutsa. Usiku kunkakhala phokoso, ndipo nthaŵi zina ndewu ndi mfuti, pakuti pamene pasonkhana khamu la achinyamata zigaŵenga sizilephera kubwera. Koma eni magalimoto ankafunsa funso limene, mwa kuona kwanga, silinayankhidwe bwino: ngati kumenya munthu, kuledzera pa chiwongolero ndi kutseka msewu zinali kale milandu, nanga lamulo latsopano linali la chiyani? Munthu amene wathera zaka zisanu akupaka utoto galimoto yake sapita nayo kukachita chipolowe. Amaopa ngakhale kamwala. Iwo ankaona kuti chimene chikulangidwa ndi mtundu wawo ndi dera lawo. Ku San Francisco, kumene apolisi ankawavutitsa pa Mission Street, Roberto Hernandez anasonkhanitsa makalabu mu 1981 nakhazikitsa bungwe la San Francisco Lowrider Council kuti alimbane ndi akuluakulu a mzindawo mwa njira ya malamulo.

Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi kupita kwa zaka. Anyamata a pa Whittier Boulevard anakalamba, nakhala agogo, eni mabizinesi ndi oponya voti. Makalabu awo anadziŵika ndi kusonkhetsa zidole za ana pa Khirisimasi ndi kuperekeza maliro ndi maukwati. Nyumba zosungira zinthu zakale zinayamba kupempha magalimotoŵa. Mu 2017 Gypsy Rose inalembedwa m'kaundula wa galimoto za mbiri ya dziko la America, niikidwa m'bokosi la galasi pa bwalo lalikulu la mzinda wa Washington. Zinali zovuta kufotokoza kuti galimoto yolemekezedwa ku likulu la dziko ndi yomweyo imene ingalembedwe chindapusa kwawo.

Mu 2022 makhonsolo a Sacramento ndi San Jose anafafaniza ziletso zawo, ndipo zikwangwani zoletsa zinazulidwa anthu akuwomba m'manja. Ku National City bungwe la United Lowrider Coalition linapitiriza kukankha, mpaka phungu wa ku San Diego, David Alvarez, anatengera nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo ya California. Bilu yake, nambala 436, inasainidwa ndi Bwanamkubwa Gavin Newsom mu Okotobala 2023, niyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2024. Inachotsa mphamvu ya makhonsolo yoletsa kuyenda kobwerezabwereza kuja, ndiponso inafafaniza ndime 24008, patapita zaka zoposa 60.

Musaganize kuti tsopano ali yense angachite chimene afuna ndi galimoto yake. Mipikisano ya liŵiro pa misewu ya anthu, ndi maseŵera ozunguza galimoto pa mphambano mpaka matayala kufuka utsi, zinakhalabe zoletsedwa, ndipo eni lowrider ambiri ndi amene amayamba kunena kuti iwo sali nawo m'gulu limenelo. Malamulo a utsi wa injini, amene ku California ndi okhwima kwambiri, sanakhudzidwe, ngakhalenso a mabuleki ndi nyali. Ndiponso bilu 436 ndi ya California yekha. Mwini Impala akawoloka malire kupita ku chigawo china, ayenera kuyamba wafunsa kuti kumeneko msinkhu wa galimoto amauyeza motani.