Mbiri ya Maphunziro a Otumikira Ana, Achinyamata ndi Mabanja mu Mpingo

Masiku ano m'makoleji ambiri a za umulungu, makamaka ku America ndi ku Britain, munthu angathe kukhala zaka zitatu kapena zinayi alikuphunzira za kutumikira ana, achinyamata ndi mabanja mu mpingo, ndipo potsiriza pake amalandira digiri monga momwe alandirira wophunzira za malamulo kapena za ulimi. Kale sizinali chomwecho ayi. Anthu ankayesa kuti aliyense wodziwa kuwerenga, amene ali ndi mtima wabwino, akhoza kuphunzitsa ana asanayambe waphunzira iye mwini. Panapita zaka zoposa 100 kuti maganizo amenewa asinthe, ndipo mbiri ya kusinthako ikhudza mphunzitsi aliyense amene adzaimirira pamaso pa ana aang'ono.

Chiyambi chake ku Gloucester

M'chaka cha 1780 mumzinda wa Gloucester ku England munali munthu wina dzina lake Robert Raikes, mwini nyuzipepala yotchedwa Gloucester Journal. Iyeyu ankakonda kuyendera akaidi m'ndende, ndipo anaona kuti ambiri a iwo anayamba kulowerera akali ana. Ana a amphawi a mumzindamo ankagwira ntchito m'mafakitale masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, ndipo pa tsiku la Sabata, posowa chochita, ankangoyendayenda m'misewu namatukwanizana. Tsono Raikes analemba ntchito akazi angapo, nawalipira sheleni imodzi pa tsiku, kuti asonkhanitse anawo m'nyumba zawo ndi kuwaphunzitsa kuwerenga, katekisimu ndi makhalidwe abwino. Ena anali atayesapo kale ntchito yotere, monga Hannah Ball ku High Wycombe mu 1769, koma Raikes anali ndi nyuzipepala, ndipo atalembamo za sukuluzi mu 1783, mbiri yake inawanda ngati moto wa lupsa. Pofika chaka cha 1831 ana a m'Sande Sukulu za ku Britain anali oposa 1,000,000.

Sukulu zitachuluka chotero, ndalama zolipira aphunzitsi zinachepa, ndipo ntchito inagwera m'manja mwa anthu odzipereka aulere. Ichi chinali chabwino pakuti sukulu zinafika ponseponse. Koma chinali ndi choipa chake, chifukwa munthu wogwira ntchito mwaulere nkovuta kumuumiriza kuti akaphunzire. Boma la England litaika lamulo la sukulu za ana onse mu 1870, ntchito yophunzitsa kuwerenga inachoka pang'onopang'ono m'Sande Sukulu, ndipo aphunzitsi ake anatsala ndi ntchito yovuta koposa, ndiyo kufikitsa chikhulupiriro mumtima wa mwana.

Mwana sali wamkulu wamng'ono

Kumbali ya America, mbusa wina wa ku Hartford, Horace Bushnell, anatulutsa mu 1847 buku lotchedwa Christian Nurture. Pa nthawiyo mipingo yambiri inkadikira kuti mwana ayambe wakula, ndipo adzatembenuke mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso. Bushnell anatsutsa zimenezi, naphunzitsa kuti chikhulupiriro chimera pakhomo, m'mayankhulidwe ndi m'machitidwe a atate ndi amayi, mwana asanadziwe nkomwe kuwerenga. Ambiri anamtsutsa m'masiku ake, koma maganizo akewo anadzakhala maziko a ophunzitsa a m'mbuyo mwake.

Mu 1872 msonkhano waukulu wa Sande Sukulu ku Indianapolis unapangana kuti sukulu zonse ziziphunzira phunziro limodzi pa Sabata limodzi, kuyambira kamwana kufikira nkhalamba, ndi kuti Baibulo lonse alipyole pa zaka zisanu ndi ziwiri. Mmodzi wa atsogoleri ake, John H. Vincent, pamodzi ndi Lewis Miller, anayambitsa mu 1874 msonkhano wa milungu iwiri m'mbali mwa nyanja ya Chautauqua, kumene aphunzitsi a Sande Sukulu ankagona m'misasa namaphunzira kaphunzitsidwe. Apa mpamene ambiri anayamba kuvomereza kuti mphunzitsi wa ana afunika kusulidwa. Komabe phunziro limodzi la onse linali ndi vuto loonekeratu: nkhani yoyenera mkulu wa mpingo siingakwane m'mutu mwa mwana wa zaka zisanu, monganso khasu la atate silingakwane m'manja mwake. Chifukwa chake mu 1908 msonkhano wa ku Louisville unalola kuti pakhale maphunziro osiyana monga mwa misinkhu ya ana.

Amene anaonetsa bwino koposa ntchito ya maganizo atsopanowa ndiye George Hamilton Archibald, munthu wa ku Canada amene anasiya malonda nadzipereka ku ntchito ya ana. Atafika ku England, George Cadbury, mwini fakitale ya chokoleti, anamuitana ku Bournville mu 1905 kuti aonetse m'machitidwe zimene ankanena m'mawu. Archibald anapatula ana aang'ono nawapatsa chipinda chawochawo ndi timipando towayenera. M'malo mwa kuloweza mayankho osawamvetsa, anawo ankamvera nthano yokambidwa bwino, ndipo atatha ankaijambula kapena kuiumba ndi manja awo. Othandiza ake anali anyamata ndi atsikana a mumpingo momwemo, yense ndi kagulu kake ka ana owerengeka, ndipo lamulo lake linali lolimba: wosafika ku kalasi lokonzekera la m'kati mwa mlungu sankaloledwa kuphunzitsa pa Sabata. Mwa njira imeneyi anapindula pawiri, pakuti ana anaphunzitsidwa bwino, ndipo achinyamata, amene pa msinkhu umenewo amakonda kuthawa mpingo, anapeza ntchito yowagwira mtima. Mu 1907 anatsegula koleji ya Westhill ku Selly Oak, m'dera la Birmingham, yosulira atsogoleri a Sande Sukulu.

Kuchokera ku kalasi kufikira ku digiri

Ku America ntchitoyi inalowa msanga m'sukulu zapamwamba. Mu 1903 ku Chicago kunabadwa bungwe la Religious Education Association, motsogozedwa ndi William Rainey Harper, mkulu wa yunivesite ya mumzindamo, ndipo cholinga chake chinali kulumikiza nzeru za akatswiri a maphunziro ndi ntchito ya mipingo. Mu 1915 koleji ya abusa a Baptist ya ku Fort Worth, Texas, inakhazikitsa chigawo chophunzitsa zimenezi pansi pa J. M. Price, ndipo mayunivesite ena, monga ya Boston, anachita chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo mipingo ikuluikulu inayamba kulemba munthu wophunzira, wolandira malipiro, woyang'anira maphunziro a ana pambali pa mbusa.

Ntchito ya achinyamata inayenda njira yakeyake. Mabungwe monga YMCA ya George Williams mu 1844, Christian Endeavor ya Francis E. Clark mu 1881, ndi Boys' Brigade ya William Alexander Smith ku Glasgow mu 1883, anayamba ndi atsogoleri odzipereka. Ana ambiri atayamba kukhalitsa m'sukulu za sekondale, panaoneka msinkhu watsopano wa anthu amene sali ana ndiponso sali akulu. Young Life, imene Jim Rayburn anayambitsa ku Texas mu 1941, ndi Youth for Christ, imene Billy Graham anaigwirira ntchito akali mnyamata, zinawatsata achinyamatawa kumene anali. Mipingo inatengera njira zawo, niyamba kufuna abusa a achinyamata, ndipo makoleji anakonza madigiri owasulira.

Koma m'kupita kwa nthawi kunaoneka chilema china. Ana anali ndi mtsogoleri wawo, achinyamata ndi wawo, ndipo makolo ambiri anayesa kuti udindo wawo watha akamperekeza mwana pakhomo la tchalitchi. Mu 1994 Mark DeVries analemba buku lodandaula za kulekanitsa achinyamata ndi akulu, ndipo mu 2005 Christian Smith, atafufuza pakati pa achinyamata a ku America, anapeza kuti makolo ndiwo aumba chikhulupiriro cha ana awo koposa wina aliyense. Chotero mawu a Bushnell anamvekanso patapita zaka 150, ndipo ndicho chifukwa chake makoleji ambiri anamanga ana, achinyamata ndi banja m'mtolo umodzi. Wophunzira digiriyi amaphunzira Baibulo ndi za umulungu, makulidwe a mwana m'thupi ndi m'nzeru, uphungu, ndi kuteteza ana kwa owazunza, ndiponso amatumizidwa kukagwira ntchito pa mpingo moyang'aniridwa.

Za kuno ku Malawi

M'dziko muno ntchito zitatuzi zinayamba zili pamodzi. Mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, wosulidwa ku Overtoun Institution imene Robert Laws anatsegula ku Khondowe mu 1894, kapena ku sukulu zina za mishoni, ankaphunzitsa kuwerenga m'kati mwa mlungu, natsogolera kalasi la ofuna ubatizo ndi mapemphero a pa Sabata. Ku sukulu ya Jeanes, imene inatsegulidwa ku Domasi mu 1929, aphunzitsi ankapita ndi akazi awo, ndipo akaziwo ankaphunzira za kulera ana ndi ukhondo wa pakhomo, kuti banja la mphunzitsi likhale phunziro kwa mudzi wonse. Mpingo wa Nkhoma unakonza chilangizo, nuika alangizi oti aziwongolera anyamata ndi atsikana pa msinkhu umene kale anamkungwi ankawalangiza. Maphunziro apamwamba a za umulungu anadza pambuyo, monga koleji ya ku Zomba imene inatsegulidwa mu 1977.

Mbiri yonseyi iphunzitsa chinthu chimodzi, chakuti chikondi cha pa ana sichikwanira pachokha ngati mphunzitsi sadziwa momwe mwana amvera ndi kuganizira, ndiponso nzeruyo siipindula ngati mphunzitsi ndi makolo sayendera limodzi. Akale anati kuongola mtengo mpoyamba. Mphunzitsi wa pulayimale, angakhale alibe digiri, ndiye amene apatsidwa mtengowo ukali wanthete.