Mbiri ya Misika Yopikulitsa Zakudya mu Mzinda wa Lilongwe

Mbandakucha uliwonse amayi a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 amalaŵirira kukapikula tomato, kabichi ndi mbatata kuti akagulitse m'makwalala akwawo. Misika imene amapikulako idakula popanda woikonzera malo, ndipo mbiri yake ndiyo ikufotokoza chifukwa chake.

Lilongwe adasanduka likulu la dziko la Malaŵi m'chaka cha 1975. Kalembera wa 1977 adapeza anthu osakwana 100,000 mumzindawu, koma pofika 2018 chiŵerengerocho chidayandikira miliyoni imodzi. Pakamwa pofuna kudya padachuluka kakhumi, pomwe malo olandirira chakudya sadakule molingana.

Poyamba vutoli silidaonekere msanga. Bungwe la ADMARC, lokhazikitsidwa mu 1971, ndilo linkagula mbewu zambiri za alimi ang'onoang'ono n'kuzisunga m'nkhokwe zake. Zinthu zidasintha mu 1987 pamene boma lidalola amalonda wamba kugula ndi kugulitsa mbewuzo. Posoŵa pofikira, iwo ankangotula matumba paliponse pamene papezeka mpata. M'kupita kwa nthaŵi, Mgona, pafupi ndi Kanengo ndi Area 25, padatchuka ndi mtedza, nyemba ndi soya, pomwe misika ya Lizulu ndi Wakawaka idadziŵika ndi ndiwo zamasamba. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'miseu, ndipo ambiri adakhamukira m'misika yodzaza kale.

Akulu adati walira mvula walira matope. Malonda adakula, koma adadza ndi zoŵaŵa zake. Tomato woyalidwa padzuŵa sachedwa kuola. Mtedza wosungidwa pachinyontho umachita chuku, chimene chimabala poizoni woononga chiŵindi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu za mu Lilongwe, udakumbutsa onse kuopsa kwa malo odzaza anthu koma opereŵera zimbudzi ndi madzi aukhondo.

Phunziro la mbiriyi n'lakuti mzinda sukhuta nyumba ndi maofesi. Msika wopikulitsa umafuna denga, pansi pasimenti, nkhokwe zouma, mipopi, zimbudzi ndi malo otsitsira katundu. Zimenezi zikasoŵa, dengu lililonse la tomato woola amalilipira ndi anthu aŵiri: mlimi wa ku Ntcheu amene adathirira dimba, ndi mayi wa ku Kawale amene agula ndiwo modula madzulo ake.